Utsi wa a Nasoni

Tsiku limene a Arsenio Nasoni anapuma ntchito, esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje inawathokoza ndi K60,000 komanso paketi imodzi ya masamba a tiyi. Limenelo ndilo linali thokozo la zaka 27 zosonkhezera nkhuni za bulugamu m'ng'anjo youmitsira tiyi, popanda chotchinga pamphuno ndi tsiku limodzi lomwe. Mphatso yachitatu sinalembedwe papepala: chifuwa chosatha, makhololo m'mawa uliwonse, ndiponso phuma pokwera ngakhale kachitunda ka kutchalitchi.

Kuchipatala anawayeza chifuwa chachikulu kawiri osachipeza. Adokotala anati utsi unawononga njira za mpweya m'mapapo, ndipo matendawa satheratu koma amachepetsedwa mphamvu. Anawapatsa kampope kopumira mankhwala, nawaletsa kukhala pautsi.

Za mapapo a Nasoni sanadandaule kwambiri. Nkhawa yawo inali udindo, pakuti ndiwo ankayambitsa nyimbo mumpingo, ndipo woyambitsa nyimbo saoneka woperewera mpweya. Choncho Lamulungu lililonse, belu lisanalire, ankazembera kuseri kwa chimbudzi, n'kupenya kukhoma, n'kufumbatira kanthu kukamwa, n'kukoka mwamphamvu, kenaka n'kubwerako akutsokomola.

A Hopewell, mkulu wa mpingo amene ankausirira udindowo kuyambira kalekale, anawasuzumira masabata atatu, natengera nkhaniyo kubwalo la mpingo.

"Abale, munthu wobisala kuseri kwa chimbudzi n'kumakoka, amakoka chiyani?" anafunsa a Hopewell. "Salimo? Chingambwe chimenecho!"

Kwa a Nasoni, kuvomera fodya kunali kutaya udindo. Kuulula matenda, m'maganizo mwawo, kunali chimodzimodzi. Apo akazi awo, mayi Claudia, anadzuka namanga bwino chitenje.

"Pepani azibambo. Amuna angawa asutadi, zaka 27. Koma ndudu yawo inali ng'anjo ya fakitale, ndipo tiyi wake mumamwa ndinu nomwe, shuga masupuni atatu. Bambo a Doris, tulutsani kanthu kaja, ndisachite kukupisani m'thumba pamaso pa abusa."

A Nasoni anatulutsa kampopeko, nakakhutchumula, nakoka, nagwira mpweya monga anawaphunzitsira anamwino. Bwalo lonse linagwira nawo mpweya. Utsi sunatuluke. Abusa ananunkhiza kampopeko, nagamula kuti mlandu palibe, ndipo azikoka pampando pawo pomwepo, osati kuchimbudzi.

Potuluka, a Hopewell anawatsatira n'kunong'ona: "Achimwene, kodi kameneka simubwereketsa? Mayi akunyumba chitsokomolere chaka chatha, khitchini yathu ilibe zenera."

"Apite kuchipatala," anayankha mayi Claudia. "Inunso mukaboole khomalo, m'malo mosuzumira anzanu."

Lero a Nasoni amayambitsabe nyimbo, mzere woyamba wokha. Yotsalayo mpingo umaisenza, a Hopewell patsogolo. Kalata yopempha chipukutamisozi imene mwana wawo Doris analembera esiteti yatha miyezi isanu ndi itatu osayankhidwa, ndipo amene anawalowa m'malo pang'anjo paja akusonkhezerabe mphuno ili pamtunda.