Mayi Mapu ndi Nyumba ya Pamlatho

Atelala anawaona koyamba Mayi Mapu atapanira dziko lonse m'khwapa. Anali mphunzitsi wachitsikana, zala zili mbuu ndi choko, ndipo anayala patebulo lodulira nsalu mapu aakulu a kusukulu, aja omata pansalu, atang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pakati.

"Mungasoke?"

"Ine ndimasoka mathalauza, mayi."

"Ndiye muziyesa thalauza la munthu wonenepa."

Anasoka ndi manja, ndi ulusi wabuluu poti pong'ambikapo panadutsa m'nyanja. Msoko unakhwinyata pang'ono, tizilumba tiwiri n'kulowa m'kati osaonekanso. Mphunzitsiyo anabwera kudzadandaula kuti amumizira zilumba zake. Anabweranso sabata inayo ndi dandaulo lomwelo. Dandaulo lija linathera muukwati.

Ana a sukulu ankawatcha Mayi Mapu. Anali ndi kaphunzitsidwe kamodzi komwe sanakasinthe m'zaka zawo zonse. Mwana aliyense, asanamve za mapiri kapena mphepo, ankayenera kupita kutsogolo n'kuloza kwawo.

"Peza kwanu," ankatero. "Wosadziwa kwawo ndingamuuzenji za kwa eni?"

Pamapu akale aja tauni yonse inali kadontho, choncho zala zonse zinkagwera malo amodzi mpaka pepala linada n'kunyotsoka. Mwana wa dokotala ndi mwana wa mlonda, kwawo kunali kumodzi.

Sikirini inabwera kusukulu iwo atatopa kale. Mawondo ankalira pokwera masitepe, ndipo akafika kunyumba ankavula nsapato pakhomo n'kukhala phee kumvetsera makina a amuna awo. Sikiriniyo inali chigalasi chachikulu ngati chitseko, chopachika pomwe panali bolodi, choti ana aziphunzirira za kusintha kwa nyengo. Ukatambasula zala ziwiri, tauni inkabwera pafupi mpaka madenga n'kumaoneka limodzilimodzi. M'munsi mwake munali mzere wa zaka. Ukakokera kabatani kumanja, mtsinje unkafufuma n'kuonetsa pomwe madzi osefukira angadzafike mvula ikapitirira kulusa.

"Nkhalamba kuphunzira kusisita galasi," anauza amuna awo. "Koma ndaona denga lathu. Lachita dzimbiri, bambo, dziko lonse likuona."

Tsiku la phunzirolo anachita monga mwa masiku onse. Ana anabwera mmodzimmodzi, aliyense n'kusiya kachizindikiro kofiira padenga la kwawo. Panali chimwemwe. Kenaka Mayi Mapu anakoka kabatani kaja. Buluu anatuluka mumtsinje, nakwawa m'makwalala a kumunsi, nameza zizindikiro zingapo. Choyamba kumira chinali cha mtsikana wina wofatsa, wa mpata m'mano, mwana wa mayi ochapa zovala, amene ankakhala m'kanyumba kotsamira mlatho.

Wina kumbuyo analira ngati chule. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

M'mawa mwake mtsikanayo sanabwere. Patapita masiku kunabwera amayi ake, manja otuwa ndi sopo, osati kusukulu koma kushopu kwa atelala, komwe anamva kuti aphunzitsi amadutsirako akaweruka.

"Aphunzitsi, mwana wanga mwamutani? Zovala zake wazimanga pamwamba pa kabati. Pamkeka akukana kugona. Mtambo ukangoda akuyamba kunjenjemera. Anzake akumutcha Chule."

"Mayi, zimene waonazo si za mawa ayi. Ndi chenjezo chabe."

"Chenjezo? Madzi saiwala khwawa, zimenezo ndikuzidziwa kuposa galasi lanulo. Ndipite kuti? Kumtunda kuno alipo wandisungira chipinda?"

Atelala anangoweramira pamakina, kutungira ulusi womwe unali wotungira kale.

Mayi Mapu anatsikira kukanyumba ka pamlatho Loweruka lake, mawondo akudandaula, amuna awo atawagwira pachigongono. Mtsikanayo anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, koma maso ali pansi.

"Ubwere Lolemba, mwanangu. Wokuseka aliyense adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala."

"Madam, chaka cha madzi chija ndidzakhala ndi zaka zingati?"

Anamuwerengera. Mwanayo anagwedeza mutu ngati wamkulu amene wamva tsiku la mlandu wake. Lolemba sanabwere. Mwezi usanathe, amayi ake anamutumiza kwa azakhali ake kutali, ndipo iwonso pambuyo pake anasamuka osatsanzika.

Mayi Mapu phunzirolo sanalisiye. Ankati kubisira ana madzi sikuumitsa mtsinje. Koma analitembenuza. Akumtunda ndiwo ankayamba: aliyense ankasankha mnzake wa kumunsi, n'kutsata ndi chala njira yochokera pakhomo pa mnzakeyo, kudutsa pamsika, kupewa ngalande, mpaka pakhomo pa kwawo. Kabatani kankakokedwa aliyense atapeza komwe angakagone. Zinkayenda bwino, moti aphunzitsi a sukulu zina ankabwera kudzaonera. Iwo akayamikiridwa ankangopukusa mutu.

"Nzeru zabwera mwana atapita," ankauza amuna awo. "Madzi akatayika saoleka."

Atapuma pantchito, sukulu inawapatsa mapu akale aja, omwe ankangodyedwa ndi njenjete m'chipinda chosungiramo katundu. Atelala anawapachika kuchipinda, moyang'anana ndi bedi. Zaka zinapita. Maso a mayi aja anachita nkhungu, ndipo maganizo anayamba kusokoneza dzulo ndi kale. Maina a ana awo enieni ankawathawa, koma mvula ikayamba kugogoda padenga ankafunsa ngati kaundula waitanidwa.

Masana ena mdzukulu wawo wamkazi, amene anali ku koleji, anakhala m'mbali mwa bedi akuseweretsa foni.

"Iwe, m'kanthu kakoko muli mapu?"

"Alimo, agogo. Ndikupezereni denga la amuna anu adzimbiriwa?"

"Asiye amenewo. Pita pamlatho."

Mdzukulu anatambasula zala. Atelala anasendera pafupi, magalasi ali pamphuno. Kanyumba kaja kanalipo, kotsamira mlatho monga kale, ndipo kuseri kwake kunkaoneka timadontho toyera, mwina zovala za anthu ena zili pachingwe.

"Pali madzi?"

"Palibe, agogo. Ndi pouma."

"Usakoke chilichonse. Pasiye pomwepo."

Anagwira foniyo ndi manja onse awiri, kuiyandikiza kumaso, ngakhale atelala ankadziwa kuti sakuona kanthu koma kuwala. Kenaka anaibweza, nafufuza dzanja la amuna awo pabulangeti.

"Bambo, mukadutsa kumeneko mukamuuze mwana uja kuti kwawo kulipo. Abwere Lolemba."

Atelala anali atasiya kalekale kutsika masitepe a pakhomo pawo pomwe. Anawakonzera pilo, nakokera bulangeti kumapazi.

"Ndikamuuza, mayi," anatero.