Ulusi wofiira wa aNambewe

Tadala, mwana wanga wamng'ono, anayamba kuyima pakhomo ndi tochi masanasana. Ndinati ndi masewera. Tsiku lachitatu anakana kudya, maso ali pamsewu wathu wa ku Morley, kuno kudziko la eni, womwe unali zii, basi ikudutsa yopanda munthu. Bambo ake anali ku Midland kosamalira okalamba, akugona kwa mnzawo kuopa kutibweretsera mliri. Ine ndinali ndi chifuwa, ndikutsokomolera m'bafa kuti ana asamve.

Ana anga awiriwa ankakhalira makatuni a ku China. Chitchaina sindimva, Chingerezi cholembedwa m'munsi chimathamanga kuposa maso a munthu wa Sitandade 7, ndiye ndinkangoona zithunzi: asilikali ouluka ndi malupanga, mudzi ukupsa, tiana toyera mbuu titaima pamlatho. Mphatso, wamkulu, anandifotokozera m'Chingerezi chake cha kuno kuti ndi mizimu ya ana otayika pankhondo, palibe owatenga chifukwa sadziwa mayina a amayi awo. Ndi tochi ija, Tadala ankawaunikira njira. Kenako anandifunsa, "Amama, mukapita kuchipatala, ife atitenga ndani?"

Pomwepo ndinamva fungo la sopo ndi makala a m'simbi, fungo la aNambewe, omwe tinayandikana nawo ku Dedza ndili mwana. Anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala okha, akusita zovala za aphunzitsi pakhonde, simbi ikulira tsss pansalu yonyowa, phulusa likuuluka akamaiuzira. Mwana aliyense wodutsa ankamugwira dzanja. "Ndiwe wa yani iwe? Tchula amako. Tchula mudzi." Ukachita chibwibwi sankakusiya. Ife tinkathawa, tinkati ndi mfiti yotolera mayina.

Tsiku lina ndinang'amba yunifomu pampanda, ndikuopa kulowa kwathu. ANambewe anandiitana, nasoka. Atamaliza anati ndilembe dzina la amayi pansi ndi chala, chifukwa iwo sankatha kulemba. Anakopera chilembo chimodzichimodzi ndi ulusi wofiira m'kati mwa kolala, zilembo zokhotakhota. "Pakamwa pamaiwala munthu akachita mantha," anatero. "Nsalu siiwala."

Amayi ataona anandiuza nkhani yake. Pothawa paja, kamtsikana ka aNambewe ka zaka zitatu kanawapulumuka m'chigulu cha anthu. Kankangodziwa kuti mayi wake ndi Amama. ANambewe anakhala pafupi ndi malire kudikira, mpaka anamwalira.

Ndinamuitana Tadala. "Amako dzina lawo ndani?"

"Amama," anatero, akuseka kuti ndafunsa zachibwana.

Kuno tilibe azakhali, tilibe woyandikana naye wodziwa kutchula dzina lathu. Ndinavala masiki, ndinatulutsa zovala zawo zonse, ndi zogonera zomwe, ndinasolola ulusi wofiira m'mphepete mwa chitenje changa. Pakolala iliyonse ndinasoka dzina langa ndi nambala ya bambo awo, masiku awiri, zala zikutupa. M'mawa uliwonse ndinkawagwira dzanja. Tchula amako. Tchula msewu.

Chifuwa chija chinali chimfine chabe. Makatuni sindinawaletse. Tadala anabwezera tochi m'kabati yekha. Koma mpaka lero, tikafika pokwerera basi anthu ali piringupiringu, dzanja langa limalowa lokha m'kolala mwake kukafufuza ulusi.