Chitsulo chimene anataya kuseri kwa nkhokwe

Amuna anga anabwera kunkhondo ndi matenda amodzi okha, okonda injini. Ankayendetsa lole ya Mmwenye wina wa pa Balaka, kututa thonje m'midzi, koma mukanawamva akuyankhula mukanati ndi yawo. Ine ndinali mkazi wamng'ono. Wamkulu anali loleyo.

Panali dalaivala wina wa ku Mposa amene ankawadyetsa fumbi Loweruka lililonse. Ankaimika malole awiriwo pamzere, pamsewu wowongoka wa kuseri kwa siteshoni. Munthu akagwetsa chipewa, basi liwiro mpaka pamlambe. Amuna anga akagonja, pakhomo sitinkamwa madzi.

Tsiku lina amuna anga anabwera ndi chitsulo chachitali cha mfundomfundo chimene anazula m'galimoto yakufa ya asilikali. Ankachitchula kuti kamushafuti.

"Ichi n'chimene chimatsegulira injini kuti ipume," anatero. "Chakalechi chimaibanikitsa."

"Nanga amene anapanga loleyi anali opusa?"

"Iyayi, mayi a mwana. Iwo ankaganiza za katundu, ine ndikuganiza za liwiro."

Chakalecho anachiponya kuseri kwa nkhokwe. Ndisaname, Loweruka lotsatira anapambanadi, ndipo anyamata anawanyamula m'mwamba. Koma lole inasintha khalidwe. Ikatenga liwiro inkachita kuuluka, koma ponyamuka ndi pachitunda inalibe mphamvu. Ikaima inkanjenjemera n'kuzima. Nditawafunsa, anati zanga ndi za kumtondo.

M'chilimwe chomwecho mwana wathu woyamba, amene anali atangoyamba kuyenda, anatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Tinakwera naye loleyo kuthamangira kuchipatala cha mishoni ku Utale. Pamsewu wabwino inkauluka, mpaka mumtima ndinachithokoza chitsulo chija.

Kenako tinafika pamtsinje wa Rivirivi. Madzi munalibe, munali mchenga wokhawokha, ndi chitunda kutsidya. Ili ndi chitsulo chakale, loleyi inkadutsa pamenepo pang'onopang'ono itasenza thonje lodzaza. Tsikuli inalowa, n'kutsokomola, n'kuzima. Iwo anatsika n'kupukusa handulo yolizira injini, inalira. Ataponda mafuta kwambiri matayala anangokumba mchenga. Ataponda pang'ono inazimanso. Anapukusa mpaka m'manja munatuluka magazi.

Ndinatsika, n'kubereka mwana, n'kuyamba kuthamanga dzuwa lili paliwombo. Ndisanafike pamtunda penipeni ndinamva kuti kumbuyoku kwalemera mwa mtundu wina. Mayi aliyense amadziwa. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu osamumasula, chifukwa ndinkaopa kuona.

Anthu anakoka loleyo ndi ng'ombe. Titafika kunyumba amuna anga sanalire pamaso pa anthu. Anapita kuseri kwa nkhokwe, n'kutola chitsulo chakale chija, n'kuchipukuta ndi malaya awo. Anthu akuimba nyimbo za maliro, iwo anali pansi pa lole kuchibwezeramo. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo chisoni chowamvera chinabwera mochedwa.

Kumanda kwathu n'kutsidya kwa mtsinje womwewo. Lole inanyamula kabokosi, ine, ndi anthu odzaza kumbuyo. Inalowa mumchenga muja pang'onopang'ono, n'kukwera chitunda osatsokomola ngakhale kamodzi.