Asuweni Anga ndi Nkhanu Zazimuna

Asuweni anga, mwana wamkazi wa azakhali, anaphunzira mpaka kunja n'kubwerako kudzagwira nkhanu. Kubanja kwathu palibe anaimvetsa nkhaniyi, ndipo wotsogolera kuseka ndinali ine. Sukulu yonse ija, ndege ija, mathero ake kuvala majombo n'kumatembenuza miyala m'timitsinje ta ku Chigumula! Anzawo a m'kalasi anali m'maofesi a m'tauni, iwo ali ndi ndowa m'minibasi ya ku Limbe, makondakitala akuwafunsa ngati ndiwozo akugulitsa.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa galimoto ya sitolo ina yoodetsa katundu ku Limbe, ndipo ine ndi mkazi wanga tinkachita lendi ku Chigumula komweko. Tinali titatha zaka zisanu ndi chimodzi m'banja popanda mphatso. Azimayi anzake pampopi ankaitanana ndi mayina a ana awo, amake a uje, amake a uje, koma iye analibe dzina lomuitanira nalo. Mayi anga akamabwera kuchokera ku Nsanje ankanyamula mabotolo a mizu yowawa, ndipo womwa anali iye. Ine ayi. Ndinali ndi ndevu, mawu aakulu ndi ndodo za gondolosi m'thumba, ndiye ndani akanandikayikira? Inenso sindinadzikayikirepo.

Chaka chimenecho mayi anatopa nazo. Ananena poyera kuti tikangokolola kachimanga ka kuseri kwa nyumba, ankhoswe akhale pansi, mtengwa abwerere kwawo. Mkazi wanga ndinkamukonda, koma sindinamuikire kumbuyo. Ndinangoti kukamwa yasa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Loweruka lina m'mawa asuweni anatulukira pakhomo ndi ndowa yawo.

"Amuna anga, dzukani mundinyamulire ndiwo," anatero, monga timachitira pachisuweni.

"Ndiwo za madigiri zija?" ndinawayankha. Koma ndowa ndinanyamula.

Kumtsinje ndi kumene ndinasiya kuseka. Asuweniwo ankadziwa mwala woti pansi pake pali nkhanu asanaugwire n'komwe. Ankaitola chakumbuyo ndi zala ziwiri, osapanidwa, n'kuitembenuza chagada. Anandionetsa kachivundikiro ka pamimba: kakakhala kotambalala ndiye yaikazi, poti m'menemo ndi momwe imasungira mazira ndi tiana, kakakhala kopyapyala ndiye yaimuna. Zazikazi ankangoziyeza n'kuzibwezera pansi pa mwala womwewo, mwaulemu ngati akugoneka khanda. Zolowa m'ndowa zinali zazimuna zokhazokha.

"Amunawa akulakwirani chiyani?" ndinafunsa.

"Nkhanu zikachepa mumtsinje, aliyense amathamangira kukawerenga mazira a yaikazi," anatero akupukuta manja pachitenje. "Yaimuna amangoiona mapanilo aakulu n'kuti ili bwino. Ine ndimafuna kudziwa ngati madzi akudawa, a sopo ndi oilo, sakuononga mbewu yake."

"Ndiye akuononga?"

"Sindikudziwa. Ndikanadziwa bwenzi ndili m'madzi muno?"

Yankho limenelo linandigwira mtima. Ndinakulira pakati pa anthu odziwa zonse, odziwa ngakhale chimene chili m'mimba mwa mkazi wa mwini. Apa munthu wophunzira kuposa mtundu wathu wonse ankanena kuti sakudziwa, popanda manyazi.

Ndinawaperekeza mpaka ku labotale yawo m'tauni, kachipinda konunkha sipiriti, mabotolo ali ndandanda, lililonse lolembedwa mtsinje ndi tsiku. Anavala gauni loyera, nthabwala zonse n'kuthera pakhomo. Anatsegula nkhanu imodzi ndi kalumo kakang'ono, n'kuika kadontho ka mbewu yake pagalasi. Atandiuza kuti ndisuzumire m'maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ndinaona timadontho tozungulira tambirimbiri tili duu.

"Zafa izi," ndinatero.

"Sizinafe. Mbewu ya nkhanu ilibe mchira, siisambira. Ya munthu ndi imene imayenera kusambira." Kenaka ananditembenukira. "Yanu munaionetsapo, amuna anga?"

Akanakhala munthu wina, ngakhale mkulu wanga weniweni, bwenzi chibale chitathera pomwepo. Koma msuweni amaloledwa kukutukwana, ndiye ndinayesa kuseka.

"Asuweni, pagona tonde padzinunkha. Inetu ndilibe vuto."

"Kununkhako sitikukana," anatero osaseka. "Koma mphamvu za kuchipinda ndi zina, mbewu ndi zina. Alamu anga amwa mizu ya ku Nsanje konse. Inu mwamwa chiyani? Chimanga chanu chija chayamba kuuma."

Anandilongosolera bwinobwino, ngati akunena za nkhanu zomwezo. Ndikaonane ndi dokotala, ndidzigwire masiku angapo, adzandipatsa kabotolo, ena adzayang'ana pa makina ngati omwewo. Anati iwo sangandiyeze, poti si ntchito yawo, ndipo zotsatira zake sadzandifunsa. Mpaka lero sanandifunsepo.

Ndinatha milungu iwiri ndikudutsa pachipatala ndi galimoto ya katundu, osaima. Tsiku lomwe ndinalowa, ndinakhala pabenchi chipewa chili m'maso, kabotolo ndikukabisa m'manja ngati ndaba. Patapita masiku dokotala anandikhazika pansi n'kundiuza mosazungulira kuti mbewu ilipo koma ndi yochepa, ndipo yambiri siyenda bwino. Anati tibwerezenso kuyeza, ndipo pali zoyesa, koma sanalonjeze kanthu. Ndinatuluka m'chipatalamo. Ndinayenda wapansi kuchokera m'tauni mpaka ku Kanjedza ndisanakumbuke kuti kuli minibasi.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, mkazi wanga akuanula zovala. Ndinamupatsa pepala la zotsatira lija chiimire. Anawerenga, n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti akukalongedza, ndipo sindikanamuletsa. Anatuluka ndi buku lake la nyimbo za kutchalitchi, n'kusololamo pepala lina lopindapinda, lakuda m'mphepete. Linali la kuchipatala, la zaka ziwiri m'mbuyomo. Anapita yekha kukayezetsa, ndipo sanamupeze ndi vuto.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanamva, bambo?" anatero. "Ndipo mayi akanakuonani bwanji?"

Zaka ziwiri ankamwa zowawa zija akudziwa, kuti ine ndiziyenda mutu uli m'mwamba ku Limbe. Ndinakhala pa njerwa ya pakhonde n'kulira ngati mwana, aneba akuona.

Mayi anabwera titakolola, monga ananenera, botolo latsopano lili m'chikwama. Asuweni nawonso anabwera tsiku lomwelo, ati kudzalonjera akazi a amalume awo, n'kukhala pamphasa. Mayi atayamba za ankhoswe, ndinawadula, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Mayi, ankhoswe asavutike. Ndinakayezetsa. Vuto lili ndi ine."

"Iwe, usamayankhule zopusa pamaso pa akazi! Kwathu kulibe zimenezo."

"Zilipo, mayi. Ndi ine mwana wanu. Ngati pali wobwerera kwawo, ndinyamuleni ineyo."

Anayang'ana asuweni, ngati akufuna kuti wophunzirayo anditsutse. Asuweni anangogwedeza mutu pang'ono mondivomereza. Mayi, amene anali atatulutsa kale botolo lija, analibweza m'chikwama. Sanapepese, poti si anthu opepesa. Koma pochoka anagwira dzanja la mkazi wanga ndi manja awiri, n'kumutchula kuti mwana wanga.

Mwana sanabwere mpaka pano, ndipo kuchipatala ndimapitabe. Asuweni akadali m'mitsinje ndi majombo awo, akuti yankho la madzi akuda lija sanalipeze lonse. Ndikawaona pa depoti ya Limbe ndi ndowa ndimaimika galimoto, ndipo kondakitala akayerekeza kuwaseka amamva za ine. Nkhokwe yathu yaing'ono tadzazamo chimanga kanayi chichokereni tsiku lija, ndipo wotonola naye ndi mkazi yemwe uja.