Galimoto Yofiila ya Mlongo Wanga

Mlongo wanga wondiponda pamutu anagula galimoto yake yoyamba asanakwanitse zaka makumi awili. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikila zinkasowa. Ine ndinkagwila nchito m'sitolo ya boma pa Petauke, ndipo ndinkadziwa kuti katundu wafika ndikangoona mzele wa anthu utazungulila mpaka kuseli. Atate anali atamwalila kalekale. Amai ankalima kumudzi kwa Kalindawalo, ndipo mnyamatayo ankakhala ndi ine kuti aziyandikila sukulu ya sekondale.

Tchuthi china anapita ndi anzake kumapili a kuseli kwa Nyimba, kumene anthu anali atayamba kukumba miyala ya mtengo wapatali. Ambili ankabwelako ndi malungo ndi mabuluku ong'ambika basi. Iye anabwelako ndi mwala wobiliwila, woonekela mkati, ataumanga m'sokosi. Anaugulitsa kwa amalonda ochokela kumaiko a kumadzulo kwa Afilika amene ankagona pa lesitihausi. Pambuyo pake tinamva kuti anamudyela masuku pamutu, komabe kwa ife ndalama zimene anamupatsazo zinali zoti sitinazigwilepo chibadwile.

Amalume, alongo awo a amai, anatiitana kumudzi. Iwo anati agule ng'ombe zolimila ndi ngolo, kapena ayambe kufunsa za chigayo. Amai sanalankhule zambili, anangoti chilichonse chimene angachite, sukulu amalize. Mlongo wanga anakhala pansi mwaulemu, akugwedeza mutu pa mau alionse. Ine ndekha ndinkadziwa kumene mtima wake unali.

Pasukulu pawo panali mphunzitsi wa sayansi wochokela kutsidya kwa nyanja, amene nthawi yake yobwelela kwawo inali itakwana. Anali ndi galimoto yofiila ya zitseko ziwili, yaifupi ngati ikununkhiza pansi, ya matayala aakulu m'lifupi. Ikadzuka, agalu a mzele wonse wa nyumba za aphunzitsi ankauwa. Mipando yeniyeni inali iwili yokha, kumbuyo kunali kampata koti ngakhale thumba la nshawa silikanakhala bwino. Mphunzitsiyo poyamba anakana, anamuuza kuti akakambe kaye ndi akuluakulu kunyumba. Koma masiku onyamuka atayandikila, wogula wina osaoneka, anamupatsa makii.

Galimotoyo inabwela kunyumba kwanga ikuyendetsedwa ndi dalaiva wa lole ya khonsolo, mwiniwake atakhala pambali, chifukwa kuyendetsa sankadziwa. Dalaiva yemweyo ndiye anamuphunzitsa madzulo pa bwalo la mpila, mom'lipila. Laisensi anakaitenga ku Chipata atalephela kaye ulendo woyamba. A inshuwalansi atamva msinkhu wake ndi mtundu wa galimotoyo, anatchula mtengo wokwela kwambili. Analipila ndithu, ndipo apa m'pamene ndinaona koyamba kuti nkhope yake yasintha pang'ono.

Petulo ndiye anali nkhani ya tsiku ndi tsiku. Galimotoyo inkafuna wa mtundu wodula, ndipo inkamwa ngati ili ndi chibowo. Pamalo omwetsela mafuta pankatha sabata popanda kanthu. Zikatelo ankapita kwa anyamata ogulitsa m'zigubu kuseli kwa msika, amene ena ankasakaniza ndi palafini, injini n'kumatsokomola. Tayala limodzi litaphulika, la saizi yake silinapezeke m'chigawo chonse cha kum'mawa. Anakwela basi kupita ku Lusaka, anakagona kwa achibale, n'kubwelako nalo lakale atalinyamula paphewa kuchokela pa tenofu, pamphambano ya mseu waukulu, mpaka kunyumba.

Panalinso mtengo wina umene sitinauganizile. Munthu wa galimoto yotele sangauze anthu kuti alibe ndalama. Achibale amene sitinawaonepo chimwalilile atate anayamba kufika ndi mavuto awo, wina wa fizi, wina wa mlandu wa mbuzi. Achinyamata a chipani oyang'ana makhadi pachipata cha msika ankamupempha chopeleka choposa cha wina aliyense. Pa chikondwelelo cha ufulu, acheyamani a m'dela lathu anatumiza uthenga woti galimoto yofiila ikhale patsogolo pa mdipiti, mafuta ake a mwini. Pa lodibuloko iliyonse apolisi ankamuimitsa, nthawi zina kungofuna kusuzumila mkati. Iye ankaseka nawo onsewo. Anali mwana wamanyazi chikhalile, ndipo kudziwika kumeneku kunkam'komela.

Kusukulu ahedi anamuletsa kubwela nayo, poti aphunzitsi ake ankabwela panjinga. Anamvela, koma anayamba kujomba. Lelo wamva kuti petulo wafika, mawa akufunafuna makanika. Temu isanathe anasiyilatu. Ndinalankhula naye kangapo, mofatsa ndiponso mokalipa, iye n'kumati adzabwelela chaka chamawa zinthu zikakhazikika.

Sindinganame kuti ine sindinaikonde galimotoyo. Tsiku lina la Sabata titatuluka m'tchalitchi anandiuza kuti tipite ku Nyimba tikagule nthochi. Kunali kutacha bwino, nyengo yozizila, udzu wa m'mbali mwa mseu utayamba kufiila. Titalowa mseu waukulu wa tala, anayang'ana kutsogolo, kunalibe lole kapena ng'ombe.

"Alongo, gwilani apo," anatelo. "Musaope."

Anaponda. Msana wanga unamatilila kumpando, mitengo inasanduka mzele umodzi, ndipo duku langa linauluka n'kukagwela kumbuyo. Ndinafuna kumukalipila koma ndinapezeka ndikuseka. Azimai osenza nkhuni ankaima kutiyang'ana, ife tadutsa kale. Ine amene ndinazolowela basi yoima pamudzi ulionse, ndinadabwa kuona nyumba za Nyimba zatulukila ndisanamalize n'komwe kukonza tsitsi. Pobwelela anayendetsa pang'onopang'ono kuti asunge mafuta, ine nditafungatila mkoko wa nthochi pamiyendo chifukwa kunalibe kwina kouika. Anandiuza kuti akadzapezanso mwala wina adzanditengela ku Livingstone kukaona mathithi.

Kumudzi galimotoyo sinafikeko. Kanjila kathu kanali ndi mizele yakuya ya ngolo, ndipo pakamtsinje panalibe mlatho. Anaisiya pasukulu ya pulaimale, pamthunzi, n'kumaliza ulendo wapansi. Amai anachita kuvala chitenje chawo chabwino kupita kukaiona. Anaizungulila, anaigwila pang'ono ndi nsonga za zala, n'kusuzumila pawindo.

"Ndi yokongola, mwanawe," anatelo. "Nanga chimanga umaika pati?"

Iye anati si ya chimanga. Amai anavomeleza ndi mutu. Anawathandiza kulowa, anawazungulitsa bwalo la sukulu, ana akuthamangila pambuyo. Potuluka anachita kuwakoka ndi manja awili, iwo akuseka kuti kukhala m'menemo n'chimodzimodzi kukhala pamphasa. Za sukulu sanamufunse tsiku limenelo. Anandifunsa ine, tili awili potunga madzi, ndipo nditawauza anati ndisamuthamangitse panyumba.

Mvula itangotha chaka chotsatila, apongozi awo a amalume anamwalila kwa Nyalugwe. Amalume anabwela m'mamawa panjinga, n'kuuza mlongo wanga kuti awapeleke kumalilo. Mlongo wanga anayesa kufotokoza kuti mseu wa kumeneko ndi woipa ndipo galimotoyo ndi yaifupi. Amalume anangomuyang'ana, n'kufunsa ngati galimoto ya m'banja imasankha malilo. Sakanatha kukana. Ndinawaona akunyamuka, amalume atavala jekete lawo lakuda, mawondo atafika pachifuwa.

Zimene zinachitika ndinamva kwa onse awili, ndipo sanasiyane. Atapatuka pa tala kupitilila Nyimba, anayenda bwino kwa kanthawi, akuzemba maenje. Pamalo ena otsetseleka madzi anali atakokolola dothi n'kusiya miyala. Anamva kugunda pansi, koma poti galimoto inkayendabe, anapitiliza. Mwala wina unali utaboola pansi pa injini, oilo yense n'kumatayikila m'njila. Atakwela kaphili kena injini inalila mwachilendo, n'kuzima, osadzukanso. Amalume anamaliza ulendo wapansi ndipo anapeza malilo ataikidwa kale. Mlongo wanga anatsala ndi galimoto mpaka anapeza mlimi wa ng'ombe amene anaikokela kumseu waukulu. Kuchokela pamenepo inabwela pa chingwe kumbuyo kwa lole ya thonje.

Makanika wa pa Petauke anatsegula injini, n'kunena kuti zitsulo zamkati zapselela ndipo zina zake n'zoitanitsa kunja. Masiku amenewo kuitanitsa chinthu kunja kunkafuna chilolezo cha ndalama zakunja, chimene ngakhale makampani ankachidikila miyezi. Anayesa kusula zina, kuphatikiza za galimoto zina, koma sizinagwile. Ndalama za mwala zija zinali zitatha.

Tinaikankhila pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba yanga. Poyamba ankaitsuka Loweluka lililonse. Kenaka anabwelela kumapili kukakumba, ali ndi chikhulupililo chonse kuti mwai udzabwelanso. Anakhalako nyengo yonse yotentha, n'kubwelako ataonda, maso ali achikasu, m'thumba muli timiyala tosagulika. Ndinamudwazika milungu ingapo. Achibale aja anasiya kubwela, apolisi ankamudutsa osam'zindikila. Madzulo ankakhala pakhonde kumvetsela wailesi, osadandaula, osaimbanso mlandu amalume. Iwonso, kunena zoona, anabwela ndi nkhuku ndi thumba la chimanga kudzamuona, ngakhale za ulendo uja sanazitchule.

Wogula anapezeka mwangozi. Anali bambo wina wa galaji ku Lusaka amene anaima m'sitolo mwathu paulendo wochokela ku Chipata, ndipo pocheza ndinamutchulila. Anaiona, anatsegula apa ndi apo, n'kutchula mtengo wochepa kwambili. Mlongo wanga sananenelele. Lole yodzaitenga itabwela, anaiimika pafupi ndi chulu, n'kuyala matabwa, anyamata a m'dela akukankha. Pomanga zingwe, iye anathamangila m'nyumba kukatenga masaka akale.

"Ikani awa pansi pa chingwe," anauza anthu a loleyo. "Mungakande penti."

Anaima pamseu mpaka lole inakhota. Atabwelela anapempha tsache n'kusesa masamba amene anaunjikana pamalopo.

Ndalamazo zinalipila makanika, zotsala anagula feteleza wa amai ndi njinga yakale. Kusukulu anapitako kukafunsa malo, koma anamuuza kuti wakula ndipo mabenchi ndi odzaza. Anzake a kalasi imodzi anali atapita kale kumakoleji, wina anadzakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo. Dalaiva wa khonsolo uja ndi amene anamulankhulila kwa mwini malole onyamula thonje ndi chimanga. Anayamba ngati wothandizila, pambuyo pake anamupatsa lole yakeyake, ndipo anaiyendetsa m'miseu ya kwa Sandwe ndi kwa Nyalugwe zaka zambili popanda ngozi. Anakwatila mtsikana wa ku Nyimba n'kumanga komweko, pafupi ndi dimba la apongozi ake. Ana ake onse anamaliza sekondale. Mwana akadwala mutu m'mawa wa tsiku la sukulu, ankamukweza panjinga n'kukamusiya iye mwini pakhomo la kalasi, kenaka n'kupita kunchito mochedwa.