Thandazani ndi Kanthu Konunkhira Mango

Ku Kamwala, m'sitolo ina yogulitsa nsalu pa holoselo, muli mtsikana amene amayeza chitenje osagwira tepi. Amangotambasula mkono, kupinda, kupindanso, sizasi n'kudutsa, ndipo ukakayeza kunyumba supeza chala ngakhale chimodzi choperewera. Dzina lake ndi Thandazani Daka. Anabadwira m'mafulati a ku Kabwata, mwana wachiwiri wa ba Amock Daka, amene amapakira matumba a feteleza ku Heavy Industrial Area, ndi akazi awo ba Imelda. Makolowo anachokera ku Katete kalekale, ndipo ana awo anawalerera m'tchalitchi cha Reformed.

Thandazani sanali mwana wovuta. Mowa sanaulawepo. Fodya ankadana naye koopsa, moti akamadutsa ku Intercity pakati pa oitanira mabasi, ankatseka mphuno ndi mpango poyera, osaopa kutukwanidwa.

Kanthuko kanabwera ndi Bethany, mnzake wogulitsa makava a foni pakhomo loyandikana ndi sitoloyo. Unali mwezi wa Okutobala, magetsi atapita, mafani ataima, m'sitolo mukutentha ngati mu uvuni. Atsikana awiriwo anakhala kuseri pa makatoni akudya tchipisi, ndipo Bethany anatulutsa m'thumba kanthu kachikasu kotalika ngati chala, n'kukaika pakamwa. Panatuluka mtambo woyera wonunkhira mango akupsa.

"Iwe, wayamba kukoka fodya?" anafunsa Thandazani.

"Fodya wa chani? Iyi ni vepu. Ni fleva chabe na nthunzi. Ilibe moto, ilibe phulusa. Nunkhiza wekha, ni fodya iyi?"

Ananunkhiza. Sanali fodya amene iye ankamudziwa. Anakoka kamodzi, anatsokomola, mutu unapepuka ngati wadzuka mwadzidzidzi pampando, ndipo onse awiri anafa nacho chiseko. Nthawiyo anali ndi zaka makumi awiri.

Poyamba ankangopempha ya Bethany. Kenako anagula yake. Imodzi inkakhala milungu iwiri, kenako mlungu umodzi, kenako masiku anayi basi. Ankakoka podzuka asanasukusule, ankakoka m'chimbudzi cha kuntchito, mu minibasi ankabisa m'mkono wa juzi n'kupumira utsi m'kolala. Kunyumba palibe ankadziwa. Ba Imelda anamufunsapo kuti mafuta onunkhira chonchi amawagula kuti, iye n'kungoseka. Clive, chibwenzi chake, makaniko wokonza mabasi ku Intercity, anakaonapo kanthuko koma anaganiza kuti ndi kochotsera fungo la m'kamwa. Ngakhale Thandazani mwini sankakawerengera. Ankakaona ngati siwiti imene munthu wangoizolowera.

Patapita zaka zitatu, akwawo kwa Clive anabwera kudzafunsira mbeta, ndipo zonse zinayenda bwino. Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, Thandazani anatengedwa kupita ku Chelstone kwa ba Anti Nelly, mlongo wa bambo ake, kuti akakhale masiku asanu ndi alangizi, azimayi achikulire ophunzitsa mtsikana za m'banja. Alangiziwo anali awiri, ndipo wamkulu wawo anali ba Cathy, mayi wamtali wa mawu okhuthala amene anali atalangiza atsikana ambiri a kutchalitchi kwawo.

"Foni na chikwama, bwelesa kuno," anatero ba Anti Nelly Thandazani atangolowa. "Kuno wabwela kumvela, osati kudinadina foni."

Anatsekera zonse mu wodilopu, kiyi n'kumangirira pa ngodya ya chitenje. Thandazani anapereka osaganiza kawiri. Vepu inali m'kathumba ka m'kati mwa chikwamacho.

Tsiku loyamba m'mawa anachita bwino. Anagwada moyenera, anayankha motsitsa mawu, anavina pamene anamuuza kuvina. Dzuwa litapendeka anayamba kumva ngati waiwala chinthu pamoto. Ankayang'ana kukhomo, kuwindo, kukhomonso. Ba Cathy ankafotokoza za kulandira apongozi, koma mawuwo ankangomudutsa. Anaganiza kuti ndi foni imene akuisowa.

Tsiku lachiwiri anadzuka mutu ukuwawa ngati wamangidwa ndi waya. Anadya buledi wa anthu atatu koma njala osatha. Manja aja odula nsalu mosaphonya anagwetsa mbale ya ndiwo pamene ankaphunzira kuperekera chakudya atagwada. Ba Cathy atamuuza kuti abwerezenso, Thandazani anamva mawu akutuluka m'kamwa mwake asanawaganize.

"Nibwelezenso kangati? Mbale ni mbale!"

Mlangizi winayo anasiya ng'oma n'kugwira pakamwa. Thandazani mwini anadabwa kuposa onse, chifukwa chibadwire sanayankhepo munthu wamkulu chomwecho. Anagwada, anapepesa, ndipo ali mkati mopepesa anayamba kulira, kulira kwenikweni kosadziwa pomwe kwachokera.

Azimayiwo anakakambirana kukhitchini. Atabwerako, ba Anti Nelly anatseka chitseko n'kumufunsa motsitsa mawu kuti mwezi anauona liti. Thandazani analumbira kuti alibe mimba, koma palibe anamukhulupirira. Tsiku lachitatu m'mawa anapita naye kukiliniki ya pafupi. Anamuyeza mimba, palibe. Anamuyeza malungo, palibe. Anamupatsa mankhwala a mutu n'kumuuza kuti azimwa madzi ambiri. Pobwerera, mlangizi winayo ananena kuti ukwati ukayandikira adani sagona, ndipo kungakhale bwino kuitana abusa.

Ba Cathy sanagwirizane nazo. Anakhazika Thandazani pamphasa n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ine naona atsikana ambili. Thupi likakana chonchi, nthawi zina ni mtima ukamba. Uniuze zoona. Uyu Clive umufuna?"

Funsolo linamulowa ngati munga. Anaganizira Clive, manja ake a girisi, kaseweredwe kake ndi ana a mlongo wake, ndipo pachifuwa panamuthina. Anaganizira nyumba imene anapeza ku Kabwata, panathinanso. Kodi ndiye kuti samukonda? Zaka zonsezi ankadzinamiza? Koma ataganizira za kusitolo, panathina chimodzimodzi, ataganizira mayi ake, chimodzimodzinso. Chilichonse chimene maganizo ake ankakhudza chinkamunyansa, ngakhale kulira kwa nkhuku ya aneba. Sanathe kusiyanitsa kuti Clive ali pati pa zonsezo.

"Siniziba," anayankha.

"Suziba?"

"Siniziba, amai. Mwina sinimufuna. Mwina nimufuna. Nifuna chabe kuchoka muno."

Mawu amenewo anakwanira. Ba Anti Nelly anaimbira mchimwene wawo foni kuti mwana akukana ukwati.

Ba Amock anafika cha m'ma fayifi madzulo, ali ndi ovolosi ya kuntchito, fumbi la feteleza lili m'tsitsi. Mwamuna salowa m'nyumba ya chilangizo, choncho anakhala panja pansi pa mtengo wa gwafa, ndipo anawatulutsira mwana wawo. Thandazani anakhala pansi chapatali, maso ali ofiira. Bambowo anamuyang'ana akugwedeza mwendo, akupisa dzanja m'mbali mwa chitenje pomwe panalibe thumba, akutola kamtengo n'kukaika pakamwa, kukaluma, kukataya, kutolanso kena.

"Thandazani, ukoka chani?"

"Ba Tate?"

"Nakufunsa. Ukoka chani?"

"Ine sinikoka fodya, ba Tate! Muniziba bwino. Nizonda fodya ine."

"Sininakambe fodya. Nati chani. Chilipo chamene uika pakamwa ukauka m'mawa?"

Thandazani ananena, monyinyirika, kuti kalipo kanthu kena, koma ndi ka fleva chabe, kalibe moto.

Ba Amock anapumira m'mwamba. Anamuuza chinthu chimene ana awo sanachimvepo: kuti iwo anasuta fodya zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anasiya ba Imelda ali ndi mimba ya mwana woyamba. "Sabata yoyamba ninatsala pang'ono kumenya kapitawo cifukwa ca supuni ya shuga," anatero. "Amako ninawauza kuti abwelele kwao ku Katete, sinibafuna. Ninali kulumaluma machesi monga mwamene ucitila na tumitengo utu. Nelly! Bwelesa chikwama cha mwana."

Chikwama chinabwera. Thandazani anatulutsa kanthu kaja mwamanyazi. Bambo ake anayang'ana kumbali n'kumuuza kuti apite kuseri kwa nyumba akachite zomwe amachita, abwerenso.

Kuseriko, pafupi ndi thanki ya madzi, anakoka kamodzi, kawiri, katatu. Sipanathe mphindi. Waya uja wa m'mutu unamasuka. Mapewa anatsika. Anamva fungo la anyezi akukazingidwa kwa aneba ndipo linali labwino. Anaganizira Clive, ndipo anamusowa kwambiri moti anafuna kumva mawu ake nthawi yomweyo. Chinali chisangalalo, koma chinamuopsa kuposa mutu uja. Masiku atatu analira, anachita mwano kwa akulu, anatsala pang'ono kuthetsa ukwati wake, ndipo zonsezo zinatha ndi kanthu kogula pa shelefu pafupi ndi matchaja a foni. Ndiye amene ankalankhula m'nyumbamo anali ndani? Nanga amene waima pano, wodekha, wokonda Clive, ndi iye weniweni kapena nayenso wapangidwa ndi kanthuka?

Atabwerera anapeza azimayi onse atatuluka. Anapereka vepu ija kwa ba Cathy ndi manja awiri. Mlangiziyo anaitembenuza, anainunkhiza, anapatsira mnzake, mnzakeyo anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Aka? Aka ndiye kativutitsa masiku atatu?" anatero ba Cathy. "Kanunkhila monga juisi ya bana. Fodya ali kuti muno?"

Akuluwo anakangana kwa kanthawi ngati ayenera kuuza akuchimuna. Ba Anti Nelly anati zimenezo n'zochititsa manyazi banja, mtsikana wa kwaya kumasuta. Ba Cathy anati sakudziwa ngati kumeneku n'kusuta kapena ayi, ndipo m'malangizo onse amene anaphunzira kwa akulu mulibe mutu wa zimenezi. Pomaliza anagwirizana kuti Thandazani akauze yekha mwamuna wake. Masiku awiri otsalawo ankamulola kupita kuseri kwa nyumba katatu pa tsiku, ba Anti Nelly atasunga kanthuko ngati mankhwala.

Clive atauzidwa anayamba waseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Atamva kuti Thandazani ananena pamaso pa alangizi kuti mwina samufuna, kuseka kunatha, ndipo anakhala masiku awiri akuyankha mafoni mwachidule. Ukwati unachitikabe pa tsiku lake, anthu anavina mpaka nsapato kuthina.

Mwezi wotsatira Thandazani anabwerera kukiliniki yekha. Namwino anamuuza kuti m'madzi a vepu zambiri muli nikotini, yemweyo wa m'fodya, ndipo thupi likamuzolowera limamufuna mwaukali. Anamulangiza kusankha tsiku losiyira ndi kuuza anthu apafupi. Thandazani anaponya vepu yake mu ngalande ya ku Kamwala. Anapirira masiku asanu ndi anayi, tsiku lakhumi kasitomala wina anamubwezera nsalu atadula kale, ndipo masana omwewo anapezeka wagula ina, osakumbuka bwino kuti anaganiza liti zokagula. Ulendo wachiwiri anafika milungu itatu. Wachitatu masiku awiri okha.

Bethany akadali pakhomo loyandikana lija, akukokabe, tsopano ya fungo la mphesa. Amati iye angasiye tsiku lililonse atafuna, ndipo za Thandazani ndi maganizo chabe. Nthawi zina Thandazani amamukhulupirira. Ba Amock salankhula zambiri. Loweruka lililonse amadutsira kusitolo n'kusiya kapepala ka nsawawa zokazinga pa kauntala, ati pakamwa pasamakhale pachabe.

Pano Thandazani ali pa ulendo wachinayi wosiya, mlungu wachisanu. Lachiwiri lapitali m'mawa anakangana ndi Clive chifukwa anasiya ovolosi ya girisi pa mpando watsopano. Anakalipa mpaka aneba anatsitsa wailesi. Clive anamudikira kuti amalize, kenako anafunsa mosanyoza, ngati munthu wofunadi kudziwa:

"Manje apa wakalipa ni iwe, olo ni cija cinthu?"

Thandazani anayang'ana mpandowo. Banga la girisi linalipodi, lakuda, lalikulu ngati chikhatho. Mkazi aliyense akanakalipa. Koma kodi akanakalipa chomwechi?

"Chosa chabe ovolosi," anatero. Anatenga chikwama n'kutsika masitepe kukadikira minibasi ya m'tauni, nthawi ya ntchito itatsala pang'ono kukwana.