Dzina Limene Tinapatsa Ababa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinapita kukaphunzira kusukulu yogonera komweko, ya mpingo wina, kumapiri a kumadzulo kwa Nsanje. Inali patali ndi midzi, yozunguliridwa ndi mpanda wa khonje. Aphunzitsi ake anali anthu ozama m'maphunziro, okhalira mabuku tsiku lonse, ndipo ena anali atatha zaka zambiri osatsikako kuchigwa. Komabe ankati anthu a kuchigwako amawadziwa bwino.

Lachisanu lililonse tinkaphunzira za anthu osakhala a mpingo wathu. Ife tinkatchedwa Amkati. Akhristu a mipingo ina anali Apampanda, kutanthauza kuti anayandikira koma sanalowe. Osapemphera konse anali Ogona. Pansi penipeni panali Amdima, anthu opembedza monga ankachitira makolo.

Ababa anali mmodzi wa amenewo. Ankalima mapira ndi thonje ku Ndamera, ndipo mvula ikachedwa ankavala nsalu yakuda n'kupita ndi anzawo kukathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo. Kuwerenga sankadziwa, koma ndi iwo amene anaumirira kuti mwana wawo wamkazi aphunzire. Tsiku londiperekeza anasenza katundu wanga pamutu kukwera phiri lonse, mlonda n'kuwaimitsa pachipata ngati mbuzi yofuna kulowa m'dimba.

Mlungu wachiwiri aphunzitsi aakulu anatiuza atsopanofe kuti aliyense aimirire atchule gulu la makolo ake. Nthawi yanga itakwana ndinati, "Ababa anga ndi Amdima." Anzanga anaombera m'manja, aphunzitsi n'kundiyamika kuti ndine wolimba mtima. Ndinakhala pansi ndikumwetulira. Mpaka lero ndikakumbukira kumwetulira kumeneko ndimafuna kudzimenya mbama.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiitana kuchipata masana. Ndinapeza alamu anga a Fombe, amuna awo a achemwali anga, atatsamira njinga, malaya atanyowa ndi thukuta, milomo itauma. Palibe amene anawapatsa ngakhale madzi.

"Mlamu, ababa atisiya m'mawa uno," anatero. "Amayi akuti ndikutengeni."

Ndinathamangira ku ofesi ndikulira. Aphunzitsi aakulu anandimvetsera, chala chili pakati pa buku kuti asataye tsamba.

"Mwana wanga, pepa," anatero mofatsa. "Koma maliro a Amdima timawadziwa. Kuli mowa, kuli kumeta, kuli kuitana mizimu. Mwana wa Amkati sangapondeko. Ukatuluka lero, usadzabwerenso."

Sananene kuti bambo ako. Sanafunse dzina lawo, kapena chimene chinawapha. Munthu amene ankadziwa zilankhulo zakale za kutsidya kwa nyanja analephera kufunsa dzina la mlimi wa kumunsi kwa phiri lake lomwe.

Ndinabwerera kuchipata n'kuwauza alamu kuti andikaniza.

"Mlamu, chipatachi n'chotsekula," anatero. "Njinga ndi iyi."

Chinalidi chotsekula. Palibe amene anandigwira mkono. Koma m'mutu mwanga munali mutadzaza liwu lija loti Amdima, ndipo ndinkaopa kuti ndikakagwira mtembo wa Ababa mdima ukandimatirira. Ndinapukusa mutu. Alamu anakwera njinga osatsanzika, ndipo ndinaima pomwepo mpaka fumbi lawo litatha.

Nditapita kutchuthi ndinapeza Amayi atakhala pamphasa, tsitsi litangoyamba kumera. Sanandikalipire, ngakhale ine ndinkalakalaka atandikalipira. Anangoti, "Tinakudikira usiku wonse ndi tsiku lotsatira, poganiza kuti mwina usintha mtima. Koma ukudziwa kutentha kwa kuno. Mtembo sukanadikiranso."

Achemwali ndi amene anandiuza zotsalazo. Masiku atatu amene Ababa anadwala, anakana kuti andiitane, ati mwana asasokonezeke pamaphunziro. Anali kuteteza sukulu yomwe inkawatcha Amdima. Ndipo pamaliro pawo panadzaza anthu a mipingo yonse ya m'mudzimo, amene anakumba manda, kuphika ndi kuimba pamodzi ndi anzawo a nsembe aja. Wosowa ndinali ine ndekha.

Kusukuluko sindinabwerereko. Ndinakamaliza kusukulu yoyendera ya ku Chiromo, ndikukhala kwa azakhali.

Lero ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimapempherabe. Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, akuti ndinali mwana. Ndayesa, koma mkwiyo sunathe, ndipo sindikufunanso kuti uthe. Aphunzitsi aja sananditsekere m'chipinda, sanandimenye. Anangondiphunzitsa liwu limodzi, mlungu ndi mlungu, mpaka bambo wondibereka anasanduka mtundu wa anthu. Ndazindikira kuti nkhanza siyamba ndi chikwapu. Imayamba tsiku limene wasiya kumutchula munthu dzina lake n'kuyamba kumutchula gulu lake, chifukwa gulu silimva ludzu pachipata ndipo silifuna mwana wake pamanda. Ndikamva wina, kaya ndi m'busa kaya ndi mwana wanga, akutchula anzake mayina otere, ndimamudula pakamwa pomwepo, ndipo sindipepesa.